Kachulu Kanga ka pa Galafu

Ine ndine munthu amene ndinatulukira kachidutswa katsopano ka chilengedwe Lachiwiri masana, n'kukataya Lolemba lotsatira nthawi ya tiyi isanakwane. Ndikudzinenera ndekha chifukwa anzanga akamaikamba nkhaniyi amathira mchere wambiri, ngati kuti payokha siyokwanira kundichititsa manyazi.

Ntchito yathu ndi yovuta kuifotokoza kwa achibale. Kudziko lina lakutali kuli makina aakulu okumbiridwa pansi pa nthaka. M'makinamo amathamangitsa tizidutswa tosaoneka ndi maso n'kutiwombanitsa. Tikawombana timaphwanyika, zophwanyikazo n'kubalalika uku ndi uku, ndipo makinawo amalemba njira imene chilichonse chadzera. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa tsiku, moti mafayilo ake amagawidwa kumagulu a m'mayiko osiyanasiyana kuti athandizane kuwasanthula. Ife ndife limodzi mwa magulu amenewo, laling'ono ndithu, la pasukulu ina ya ukachenjede: maofesi atatu pansanjika yachiwiri, ketulo imodzi yothothoka chogwirira, ndi chipinda chozizira cha makompyuta kumapeto kwa kolido. Mlamu wanga wokonza mafoni anamvetsera zonsezi kamodzi, n'kugamula kuti ine ndimalipidwa poonerera ngozi za tinthu tosaoneka. Ndinakwiya tsiku limenelo, koma mpaka lero kuwombana kulikonse ndimakutchula kuti ngozi.

Mkulu wa gulu lathu tonse timangowatchula kuti Madala. Kwa zaka makumi atatu akhala akusaka kachidutswa kamodzi kamene masamu awo amati kaliko. Kasakidwe kake n'kotopetsa. Umawerenga ngozi zonse malinga ndi mphamvu zake n'kujambula galafu. Ngati palibe chachilendo, mzere umangotsetsereka bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati kachidutswa ka Madala kaliko, pamalo amodzi mzerewo uyenera kutumphuka pang'ono ngati kachulu. Zaka zonsezi mzere unkangotsetsereka. Anzawo a kumayiko ena anali atayamba kuwamwetulira mmene timamwetulira munthu wachikulire akamabwereza nkhani yomwe wanena kale. Kumapeto kwa mwezi umene nkhaniyi inachitika ankayenera kupuma pantchito, ndipo akazi awo anali atayamba kulonga mabuku m'makatoni kuti akakhale pafupi ndi adzukulu.

Ine anandilemba ntchito chifukwa cha makhadi. Ndi makhadi omwe aja amene anthu amaika m'makompyuta kuti magemu azioneka bwino. Kompyuta wamba ili ngati kalaliki mmodzi wanzeru amene amamaliza ntchito imodzi asanagwire ina. Khadi lili ndi antchito masauzande, aliyense wanzeru zochepa, koma onse amakweza dzanja nthawi imodzi. Ndinatenga pulogalamu ya Madala, imene inkatha masabata atatu ikusanthula mafayilo athu, n'kuilembanso kuti iziyenda pamakhadi anayi. Inayamba kumaliza m'mphindi khumi ndi imodzi. Anthu anayamba kunditchula kuti a Makhadi, ndipo ine ndinadzitukumula ngati finye. Ndinkalowa m'chipinda chozizira popanda chifukwa, kungofuna kumva mafani oziziritsa makhadiwo akulira. Za mphindi khumi ndi imodzizo ndinauza mayi otsuka makapu, wometa tsitsi, ngakhale dokotala wa mano atanditsegula kale pakamwa.

Pantchito yathuyi pali lamulo limodzi limene aliyense amaliopa. Malo a pa galafu amene ukuyembekezera kupezapo chinthu umawaphimba ndi kachigamba kakuda, ndipo suwaona mpaka utatsimikiza kuti pulogalamu yako ilibe cholakwika. Amatero chifukwa diso la munthu wofunitsitsa chinthu limaona zimene likufuna, ndipo dzanja limayamba kukonzakonza manambala mwini wake osadziwa. Zonse zikatsimikizika mumapempha chilolezo kumsonkhano wa magulu onse, n'kuchotsa chigambacho pamaso pa anthu. Timati kutsegula bokosi. Madala ndiwo anatiphunzitsa lamuloli, ndipo kale anachotsapo munthu pagulu chifukwa cholithyola.

Otsimikiza zinthu pagulu lathu ndi mayi ena amene timawatchula kuti a Tionetseni, chifukwa ukawauza kuti kunja kukugwa mvula amayamba apita pawindo. Iwo analamula kuti pulogalamu yakale ndi yangayo zipatsidwe fayilo imodzi yoyesera, tione ngati mayankho angafanane. Fayiloyo ndinaikonza ndine, ndipo popeza ndimakonda zinthu zaudongo, ndinaikamo ngozi 10,240 ndendende. Mayankho anafanana mpaka nambala yomaliza. A Tionetseni anasayina, n'kupita kutchuthi kukadwazika bambo awo.

Lachiwiri masana ndinatsala ndekha muofesi, mafayilo athu onse 214 atasanthulidwa, galafu ili pasikirini ndi kachigamba kake. Kuchotsa chigambacho kumangofuna kusintha nambala imodzi. Ndinadzinamiza kuti ndikungofuna kuona ngati chaikidwa pamalo oyenera. Ndinasintha nambalayo. Kachulu kanali pomwepo, kozungulira bwino, pamalo enieni amene Madala akhala akuloza moyo wawo wonse.

Ndinabwezera chigamba msangamsanga n'kulumbira kuti sindiuza munthu. Lumbiro langalo linakhala ndi moyo mphindi makumi awiri. Ndinawapeza Madala pa ketulo akudikira madzi. Ndinayamba ndi kuwafunsa za bondo lawo, kenako za nyengo, kenako ndinangoti ndaona chinthu chimene sindimayenera kuona. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anayang'ana m'kapu yawo yopanda kanthu, madzi akuwira kumbuyo kwawo.

"Pati?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinawauza. Anasiya kapu pomwepo n'kunditsatira kuofesi, ndipo ndinachotsanso chigamba chija. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuwavalanso. Kenako anafunsa mafunso onse amene munthu wodziwa ntchito amafunsa. Kodi kachuluko kakuchokera m'mwezi umodzi wokha, mwina pamene makina anavuta? Ayi, fayilo iliyonse inali itathirapo pake mofanana. Kodi n'kopyapyala mokayikitsa? Ayi, kukula kwake kunali koyenera. Kodi a Tionetseni anasayina? Ndinawaonetsa pepala. Pomaliza anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinakondwa koopsa, ndipo ndivomereze kuti ndinkadzikondwerera ndekha kuposa mmene ndinkakondwerera iwo.

Mawa lake Madala anapempha nthawi yolankhula pamsonkhano wa Lachinayi la sabata yotsatira, pamene anthu pafupifupi mazana atatu a m'magulu onse amakumana pa vidiyo. Anandiuza kuti sakabisa kanthu. Akavomera kuti anasuzumira m'bokosi nthawi isanakwane, akapepesa, kenako akaonetsa kachulu, ndipo amene akufuna kuwaweruza akaweruze akukayang'ana. Analemberanso akuluakulu a sukulu kupempha kuti kupuma kwawo kuimitsidwe zaka ziwiri. Ulemu wonse umene unawatsalira anausanjika pa kachulu kanga.

Kunyumba ndinasunga chinsinsi mwa njira yanga, imene ndi kuuza aliyense kuti asauze wina. Akazi anga ndi namwino, ndipo nkhani zanga amazimvetsera mmene amamvetsera odwala amene abwera atadzipeza kale matenda pafoni. Anandifunsa kuti kachidutswako kathandiza chiyani, ine n'kuwayankha kuti limenelo ndi funso la anthu osaona patali. Loweruka ndinakameta, ndinagula tayi, ndipo ndinaima pagalasi la kubafa kuyeserera mmene ndidzayankhire atolankhani modzichepetsa. Ndinapeza kuti kudzichepetsa kumandikhala bwino ndikapendeketsa mutu kumanzere. Ndinaimbiranso mlamu wanga kungomuuza kuti sabata yamawa azimvetsera nkhani pawailesi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma palibe amene amaitsina khutu mbuziyo.

Chimene chinandigwetsa si nzeru kapena kusamala, koma kunyada komweko. Lolemba m'mawa ndinaganiza kuti tsamba loyamba la zimene Madala akalankhule likufunika chithunzi chokongola, ndipo pansi pa chithunzicho payenera kukhala dzina la amene anachipeza. Tili ndi pulogalamu yojambula ngozi iliyonse payokha, kuonetsa njira za zophwanyika zonse. Ndinasonkhanitsa ngozi za pa kachulu n'kuyamba kuzitsegula imodziimodzi. Zoyambirira zinali zachizolowezi, mizere yopiringizana ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Kenako inabwera ina yoyera bwino: mizere iwiri yokha, wina kupita uku wina uko, ndi kadontho kakang'ono pansi chakumanzere. Ndinaisankha. Ndinadina batani kuti ndione ngati pali ina yoposa. Inabweranso yomweyo, mizere iwiri ndi kadontho. Ndinaganiza kuti batani lakanirira, ndipo ndinalimenya. Nambala ya fayilo inasintha, chithunzi osasintha.

Pamenepo ndinazindikira kuti chithunzicho ndinkachidziwa. Aliyense pagulu lathu amachidziwa. Ndi ngozi imene inachitika zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, yokhayo yoyera imene inagwa pamalo a Madala. Ngozi imodzi sitsimikizira kanthu, ndipo iwo amadziwa zimenezo kuposa tonsefe, koma ankaionetsa kwa ophunzira atsopano chaka chilichonse, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi imene inawaletsa kutaya mtima. Ili m'kafayilo kakang'ono kamene tonse timakagwiritsa ntchito poyesa mapulogalamu, chifukwa kamatseguka msanga ndipo sikavuta.

Tsono makhadi aja ali ndi khalidwe la minibasi: sanyamuka asanadzaze. Pulogalamu yanga inkawapatsa ngozi m'magulu a 1,024, ndipo gulu lomaliza la fayilo iliyonse silidzaza. Ine ndinachita zimene oitanira amachita pa siteji, kukhazika anthu ongodzazitsa m'mipando yopanda anthu kuti adzatsike galimoto ikamanyamuka. Wongodzazitsa wanga anali ngozi ya Madala ija, chifukwa ndi imene inali pafupi. Ndinalembanso malangizo owatsitsa onse asanawerengedwe. Koma kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, ndipo ine tsiku limenelo ndinayambira pa wani. Kutsitsako kunkayamba mochedwa ndi mpando umodzi. M'fayilo iliyonse wongodzazitsa mmodzi ankatsala phee pampando mpaka kukafika. Fayilo iliyonsenso ili ndi timanambala take towongolera malinga ndi mmene makina analili tsiku limenelo, ndiye mphamvu ya ngozi yomweyo inkasuntha pang'ono uku ndi uku, n'kuumba kachulu kozungulira kosiririka. Fayilo yoyesera ija imene ndinaikonza mwaudongo inali minibasi khumi zodzaza thothotho, zosafuna wongodzazitsa ngakhale mmodzi.

Ndinawerenga zithunzi zofananazo kawiri. Zinali 214, chimodzi pa fayilo iliyonse. Ndinali nditatenga chiyembekezo cha Madala n'kuwabwezera kambirimbiri, iwo n'kulandira ndi manja awiri.

Munthu wabwino akanadzuka nthawi yomweyo kupita kuofesi yoyandikana nayo, mapazi khumi okha. Ine ndinatseka sikirini n'kukapanga tiyi. Kukonza cholakwikacho kunali kusintha nambala imodzi, koma sindinakhudze. Lolemba lonse ndinalithera pofufuza njira zothawira, ndipo ndinapeza zambiri, chifukwa pa zimenezi mutu wanga umagwira ntchito mwaliwiro kuposa makhadi. Ndikanadwala mpaka Lachisanu. Ndikananena kuti khadi lina linatentha. Ndikanakonza mwakachetechete, kachulu n'kuzimiririka, ine n'kudabwa limodzi ndi anthu onse. Ndikanasiya ntchito n'kukapempha mlamu wanga andiphunzitse kusintha magalasi a mafoni. Nthawi yonseyi Madala ankadutsa pakhomo panga akuimba mluzu, atanyamula mapepala, ngakhale kutsimphina kwawo kutachepa. Akasuzumira ndinkawakwezera chala chachikulu. Nditalephera kupirira mluzuwo ndinakabisala m'chipinda chozizira maola awiri, n'kutulukamo ndi chimfine.

Lachiwiri ndinafika nditatsimikiza mtima kuti ndinena nthawi ya teni isanakwane. Teni itakwana ndinaona kuti nkhani zotere siziuzidwa munthu wanjala, bola akadye kaye. Atadya ndinaona kuti si bwino kumusokoneza munthu chakudya chisanatsike. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero akulu, ndipo kwawukwawu wanga anafika cha m'ma 3 koloko atanyamula jekete lokutidwa mu pulasitiki. Anali akazi a Madala, akuchokera kochapitsa jekete loti amuna awo akavale pamsonkhano uja. Ndinakumana nawo mukolido, popanda kothawira. Ndi mayi aafupi, olankhula mosathamanga, ndipo anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndinu a Makhadi aja?" anatero. "Mwana wanga, sindikubisirani. Ine ndinali nditamanga kale makatoni makumi awiri, ndipo pomasula ndinalira, chifukwa adzukulu anga akukula ine kulibe. Koma bambowa ayamba kuimba posamba. Ndinali nditaiwala kuti amaimba. Ndiye ndati ndikuoneni ndi maso, ndikuthokozeni."

Ndinapinda mawondo pang'ono n'kunena kuti zikomo mayi, si ine ayi, ndi ntchito ya tonse. Mutu wanga unapendekeka wokha kumanzere. Sindinadzidepo m'moyo mwanga ngati mmene ndinadzidera pa kolido imeneyo.

Lachitatu m'mawa ndinakhala patebulo kungotakasa tiyi osamwa. Akazi anga anali atavala kale yunifolomu, akufunafuna makiyi, koma anaima n'kundifunsa ngati ndi chimfine chokha. Ndinawauza zonse, kuyambira pa chigamba mpaka pa jekete. Ndinkafuna andiseke, chifukwa kusekedwa ndimakudziwa. Sanaseke. Anakhala pansi n'kundiuza kuti kwawo kuchipatala, ukapereka mankhwala olakwika sudikira kuti wodwala ayambe kusanza, umanena ola lomwelo ngakhale ukudziwa kuti ukalipiridwa. Ndinayamba kufotokoza kuti nkhani yanga ndi yosiyana, kuti pamafunika kusankha nthawi yabwino, kuti ndikuopa manyazi a pamaso pa anthu mazana atatu.

"Manyazi a ndani, bambo?" anandidula. "Mawa woima pamaso pa anthuwo si inu. Inu akukudziwani ndani kumeneko?"

Zinandipweteka, makamaka chifukwa zinali zoona. Anandipatsa mankhwala a chimfine n'kunyamuka.

Ndinakonza mawu abwino m'basi, oyamba ndi mbiri ya makhadi n'kufika pa cholakwa changa pang'onopang'ono. Koma Madala anali ndi kalasi m'mawa ndi msonkhano masana, moti ndinawapeza cha m'ma 3, akuyeserera zokalankhula patsogolo pa mpando wopanda munthu. Jekete lija linali litapachikidwa pachitseko, likadali mu pulasitiki. Anandiuza kuti ndikhale, ndikhale womvera wawo. Mawu anga onse anauluka. Ndinangotsegula laputopu patebulo pawo n'kuonetsa chithunzi choyamba.

Anamwetulira. "Ichi n'changa chija," anatero. "Mukufuna tichiike koyambirira? Ndi maganizo abwino."

Ndinaloza nambala ya fayilo pakona, n'kudina batani. Chithunzi chomwecho, nambala ina. Ndinadinanso. Kumwetulira kunakhalabe pankhope pawo kanthawi, ngati kwaiwalika pamenepo. Pa chachisanu ndi chiwiri anaika dzanja lawo pa langa kuti ndisiye. Anafunsa kuti zilipo zingati, ndipo ndinawauza. Kenako ndinafotokoza za minibasi, za wongodzazitsa wosatsika, za fayilo yanga yaudongo. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anangofunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinaganiza zonena kuti m'mawa womwewo, koma ndinali nditatopa nako kunama. Nditati Lolemba, anayang'ana jekete lija.

"Konzani, tiyendetse," anatero.

Ndinasintha nambala ija iwo akuona, n'kuyambitsa pulogalamu. Tinakhala moyandikana kuyang'ana kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika. Kuchokera kumapeto kwa kolido tinkamva mafani akukweza mawu. Kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka pulogalamu yakale ija ya masabata atatu, ndipo ndinapempherera kuti magetsi azime. Sanazime. Madala anapinda manja pamimba n'kudikira ngati munthu amene ali pamzere kuchipatala. Galafu itatuluka, mzere unatsetsereka bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi, osapunthwa paliponse.

Anandipempha kuti ndikulitse malo aja, ndipo ndinakulitsa. Panalibe kanthu. Pamenepo ndinayamba kupepesa, mawu akutuluka osaima limodzi ndi chimfine. Ndinati mawa ndikaima ndine pamaso pa anthu, ndikanena kuti cholakwa chonse ndi changa, kuti ndine ndinachotsa chigamba, kuti andichotse ntchito ngati mmene anachotsera munthu uja. Ndinkafuna andikalipire, amenye tebulo, andipatse chilango chimene ndingachinyamule n'kumva kuti ndalipira.

"Inu munalakwitsa kuwerenga, a Makhadi. Zimachitika," anatero. "Ine ndinafunsa kuti pati."

Anandiuza kuti nthawi ya mawayo saibweza. Iwo akanena za bokosi, ine ndikafotokoza za wongodzazitsa, chifukwa magulu ena ambiri ayamba kugwiritsa ntchito makhadi ndipo ndi bwino akaone m'mipando mwawo. Anandichenjeza kuti ndisakatalikitse komanso ndisakalire. Kenako anatembenukira ku kompyuta yawo n'kuyamba kulemba kalata kwa akuluakulu a sukulu, yobweza pempho lija la zaka ziwiri. Amalemba ndi zala ziwiri, akuyang'ana batani lililonse. Ndinafuna kutuluka, koma sanandiuze kuti ndipite, ndiye ndinakhala pomwepo kumvetsera kugogoda kulikonse. Inali kalata ya mizere inayi. Anaiwerenga kamodzi n'kuitumiza.

Atadzuka, bondo linawakana, ndipo anagwira ngodya ya tebulo. Anandipempha kuti ndiwanyamulire chikwama mpaka kugalimoto, chifukwa mayi anali atabwera kutauni kudzagula zinthu ndipo ankawadikira pansi. Pa masitepe anandiuza kuti ndisanene kanthu, anena okha. Tinatsika pang'onopang'ono, iwo patsogolo atagwira chitsulo, ine kumbuyo ndi chikwama cholemera ndi mapepala amene sadzawerengedwanso.

Akazi awo anali pampando wakutsogolo wa kumbali, windo lili lotsegula, akusenda lalanje pa nyuzipepala. Atationa anamwetulira, n'kundikwezera dzanja. Madala anafika pawindopo n'kuwerama pang'ono.

"Palibe, mayi," anatero. "Kachulu kaja palibe. Tinawerenga molakwa."

Ndinaganiza kuti mwina mayiwo akondwa pang'ono, poti tsopano apita kwa adzukulu, ndipo ndinali wokonzeka kudzitonthoza ndi chimenecho. Sanakondwe. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana amuna awo, n'kukulunga lalanje lija m'nyuzipepala, n'kupukuta zala. Anatsika n'kutambasula dzanja. Zaka zonse zimene ndagwira ntchito pamenepo palibe amene anawaonapo Madala akuyendetsedwa ndi munthu, koma anapisa m'thumba n'kupereka makiyi. Mayi aja anawagwirira chitseko, n'kudikira mpaka atalowetsa mwendo wovutawo, kenako anatseka mosamenyetsa. Anabwera kwa ine kudzatenga chikwama.

"Zikomo, mwana wanga. Mukapereke moni kunyumba," anatero.

Analowa kumbali ya woyendetsa n'kusunthira mpando kutsogolo kuti mapazi afike. Galimoto inanyamuka modukizadukiza, n'kuzima kamodzi isanafike pageti. Anailizanso, ndipo mlonda anawatsegulira mbali zonse ziwiri za geti kuti adutse bwino. Ndinaima pamalo oimika magalimotowo manja ali lende, mpaka mlonda anabwera kudzandifunsa ngati pali amene ndikumudikira.